Ndinaifunsa za Likangala

Magetsi athima ku Chikanda.
M'chipinda cha anthu awiri tadzazanamo anayi,
nkhope zikuwala ndi mafoni
ngati ziphaniphani zotsekeredwa m'botolo.
Mawa eyiti koloko asayimenti ikufunika
pa desiki ya Dokotala Mtambalika,
amene salandira pepani ngakhale wonyowa ndi misozi.

Lonjezo anamaliza kalekale.
"Amwene, mukudzizunziranji?
Mumangoiuza, iyo n'kulavula masamba asanu
madzi a tiyi asanawire."
Iye amaitcha malume,
malume osatopa, osakalipa,
ongodya bando basi.

Twaibu wayatsa kandulo,
akulemba ndi bolopeni yotafunidwa kumutu.
Bambo ake anagulitsa njinga ya kabaza
kuti iye aponde pano.
"Sanaigulitse kuti foni ipate digiri.
Ndikadzaima pamaso pa ana ku Jali,
netiweki itathawa,
ndidzayasamula kuti mutuluke chiyani?"

Fatsani satsutsa, savomera.
M'kalasi mwawo amakhala mazana atatu,
buku la masamu mulaibulale ndi limodzi,
nalonso lothothoka masamba ngati nkhuku ya chitopa.
Iye amaifunsa funso lomwelo kasanu.
Siimuseka, siyang'ana wotchi.
"Ndi yokhayi," akunong'ona,
"imene sindichita nayo manyazi kunena kuti sindinamve."

Ine mutu wanga ndi Likangala:
madzi ake, zinyalala zake, anthu akumunsi.
Ndaifunsa.
Yandiyankha Chingerezi chositidwa bwino,
ndime iliyonse yovala tayi.
Yanditchulira mabuku atatu.
Awiri ndawasaka mpaka bando kulira,
sanabadwe n'komwe.
Kenako, osaphethira,
yatenga mtsinje wonse
n'kukauthira m'nyanja ina.

Ndaseka mpaka lawi la kandulo kugwedera.
Ine wa ku Kachulu,
wokula ndikununkha matemba,
amene ndinaona Chilwa atauma
mabwato atagona pamatope ong'aluka
ngati ng'ombe zodwala,
lero ndiuzidwe kumene Likangala amathera?

Ndaiuza kuti yanama.
"Pepani, mukunena zoona."
Kupepesa kwachangu, kopanda thukuta,
ngati kwa kondakitala atakuponda chala.

Koma nanenso ndisaname.
Ndime yanga yoyamba inali yokhotakhota
ngati msewu wokwera Ku Chawe,
ndipo ndi iyo yandiwongolera.
Yandiponyeranso funso
limene ine mwini mtsinje sindinaliganize:
kodi amayi ochapa m'mphepetemo
munawafunsa zimene amaona?
Sindinawafunse.
Ndimawadutsa m'mawa uliwonse, ndolo za nyimbo m'makutu.

Tsono ndiitche chiyani?
Mlendo wodziwa misika ya dziko lonse
koma wosochera kuseri kwa nyumba yathu?
Mnzanga wa pakamwa potsekemera
amene ndiyenera kumuwerengera chenji?
M'kalasi amati samalani nayo, osanena kusamala kwake.
Ena amanong'ona kuti aphunzitsi nawonso
amaigogodera usiku.

Folo koloko.
Kuitana kwa mzikiti kwatsika ndi nkhungu,
Twaibu wapinda pepala, wapita kukaswali.
Fatsani wagona foni ili pachifuwa.
Lonjezo akuliza mkonono
pamwamba pa masamba asanu amene sanawawerenge.
Kaya mitsinje yake yalowera kuti.

Batire latsala ndi mpweya umodzi.
Ndatola bolopeni yotafunidwa ija,
ikadali yofunda.
Ndilemba zimene ndikudziwa,
zimene sindikudziwa ndikafunsa kukacha
kwa amayi a sopo ndi mabeseni,
ndikachedwe, ndikakalipidwe.

Kumunsi uko mtsinje ukumveka,
wanyamula majumbo, thovu ndi makoko a chimanga.
Sunawerenge yankho la aliyense.
Ukupita ku Chilwa.